Ku Simon's Town ndi ana pa tchuthi cha Disembala: yankho kwa mayi a ku Randburg

Mayi wina wa ku Randburg wandilembera pa imelo. Akuti chaka chino apatsidwa tchuthi cha sabata imodzi yokha, ndipo akati alowere kumudzi masiku onsewo athera pamzere wa pa Beitbridge ndi pa Mwanza. Ndiye iwo ndi bambo akunyumba akufuna atenge ana awo awiri akawaonetse nyanja yamchere. Abwana awo awatchulira za Simon's Town, kuseri kwa Cape Town. Funso lawo ndi ili: "Kodi n'kopita? Nanga ana akasambira ngati mmene amachitira ku Senga Bay?"

Mayi, pitani, koma maganizo a Senga Bay muwasiye kuno ku Joni. Madzi a kumeneko ndi ozizira ngakhale dzuwa liswe mtengo. Simon's Town ili mbali ya False Bay, komwe madzi ake ndi ofundirako kusiyana ndi a ku Camps Bay, komabe mwana wozolowera nyanja yathu alowa, akuwa, n'kutuluka akunjenjemera. Ngati chomwe mukufuna n'kuviika thupi m'madzi tsiku lonse, ulendo wanu ndi wa ku Durban, komwenso ndi pafupi. Ku Simon's Town munthu amapitira maso ndi miyendo.

Tawuniyi ndi yaing'ono, yopanikizika pakati pa phiri ndi nyanja, pamtunda wautali umene umachoka ku Cape Town n'kulowa m'nyanja mpaka kukathera ku Cape Point. Msewu waukulu ndi umodzi, nyumba zake zakalekale, ndipo kumunsi kuli doko la asilikali apamadzi a dziko lino. Angerezi ndiwo ankaliyendetsa mpaka 1957. Dzina la tawuniyi linachokera kwa Simon van der Stel, bwanamkubwa wa nthawi ya Adatchi. Pa Jubilee Square ana akapeza chiboliboli cha galu wamkulu wotchedwa Just Nuisance, amene analembedwadi usilikali wapamadzi mu 1939. Akakufunsani ngati n'zoona muwayankhe kuti inde.

Chimene chimakoka anthu ndi Boulders Beach, komwe kumakhala mbalame za m'nyanja zosauluka zotchedwa penguin. Zinayamba kukhazikika pamenepo mu 1982, ndipo lero mtundu umenewu uli pangozi yaikulu yakutha, mwa zina chifukwa nsomba zing'onozing'ono zomwe zimadya zachepa m'nyanja. Pali njira ya matabwa yomwe mumayendapo mbalamezo zili pansi panu pomwepo, zina zikufungatira mazira, zina zikulira ngati abulu. Chapafupi pali kagombe kotchingidwa ndi miyala ikuluikulu, kopanda mafunde, ndipo pamenepo ndi pomwe ana anu angalowe m'madzi inu mtima uli m'malo. Muwauziretu kuti asazigwire. Zimaoneka zofatsa koma mlomo wake umang'amba khungu.

Apa mvetsetsani, chifukwa ndi pomwe Amalawi ambiri amataya ndalama. Boulders ndi Cape Point zili pansi pa Table Mountain National Park, ndipo pageti mitengo ndi itatu: wa eni dziko, wa anthu a m'maiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kutali. Ife tili mu SADC. Mukaonetsa pasipoti ya Malawi mumalipira mtengo wotsika kwambiri kusiyana ndi mlendo wa ku Germany, koma mukaiwala kuchipinda palibe wokumverani. Tengani ya aliyense, ndi ya ana yomwe.

Za kayendedwe. Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 pamsewu wa N1. Pandege ndi maola awiri. Pabasi yonyamuka pa Park Station mugona m'njira, n'kufika mawa lake. Pa sabata imodzi, ndi ana awiri, ine ndikanayesetsa ndege, bola matikiti mugule msanga, chifukwa ikamayandikira 16 Disembala mitengo imakwera mosaona nkhope. Kuchokera mu Cape Town muli sitima ya Metrorail yodutsa ku Muizenberg, Kalk Bay ndi Fish Hoek, ndipo kuyambira pa Muizenberg njanji imayenda m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Ndi yotsika mtengo ndipo ana sadzaiiwala. Kungoti nthawi zina mphepo imaunjika mchenga panjanji, sitima n'kumathera pa Fish Hoek. Funsani pa siteshoni tsiku lomwelo. Ikathera pamenepo mumalizitsa pa minibasi.

Mphepo imeneyo ndiyo abwana anu mwina sanakuuzeni. Miyezi yotentha kumawomba mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, eni ake amaitcha Cape Doctor, ndipo ikayamba imatha masiku ingapo ikukuthirani mchenga m'maso ndi m'chakudya. Tengani majuzi ngakhale ndi Disembala. Ku Cape Point mupite tsiku lomwe kwacha bata, ndipo mulawire, magalimoto asanachuluke pageti. Kumeneko mumakwera mpaka pansanja yakale yowunikira zombo, wapansi kapena pa kangolo kokokedwa ndi chingwe. Mudzamva ena akunena kuti apa ndiye pothera Africa. Ayi, nsonga ya kum'mwera kwenikweni ili ku Cape Agulhas, ulendo wina ndithu.

Ambiri amabwera pabasi ya alendo, kujambula penguin, n'kubwerera ku Cape Town dzuwa lisanapendeke. Ine ndikuti mugone komweko masiku awiri kapena atatu. M'mawa mabasi asanafike tawuniyi imakhala ya eni ake, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko usiku, ndiye tsiku limatalika. Mukapeza mpata kalowenini mu Heritage Museum ku Amlay House. Mu 1967 boma la tsankho linalengeza kuti Simon's Town ndi ya azungu okha, mabanja amene anakhalako mibadwomibadwo n'kusamutsidwira ku Ocean View ndi madera ena. Zithunzi za mabanja amenewo zili mmenemo. Mukatuluka, nyumba zokongola za m'phiri zija mudzaziyang'ana ndi diso lina, komanso mudzamvetsa chifukwa chake ogwira ntchito m'malesitilanti ambiri madzulo amakwera minibasi kupita kutali.

Malo ogona funani okhala ndi khitchini. Kudya m'malesitilanti a m'mbali mwa doko katatu patsiku, anthu anayi, thumba liphwa pofika Lachitatu. Nyamulani ufa wanu, mukagule nsomba padoko la Kalk Bay maboti akamakocheza. Yodziwika kumeneko ndi snoek, ya minga yaitali, ndipo yootcha imayenda bwino ndi nsima. Mukapeza kuti ku Simon's Town kwadzaza kapena kwadula, yang'anani ku Fish Hoek, ndi pafupi ndipo gombe lake ndi lalitali.

Pochoka panyumba tsekani mawindo onse, ngakhale mukungopita pa shopu. Anyani a kumeneko amalowa m'nyumba, amatsegula firiji, ndipo mwana wonyamula jumbo ya buledi samuopa. Kuwapatsa chakudya n'koletsedwa ndipo munthu amalipitsidwa chindapusa.