Zilombo za m'magazini akale pa tisheti

Achemwali ena andilembera imelo kufunsa ngati angasindikize zithunzi za m'magazini akale a nkhani zoopsa pa matisheti n'kumagulitsa. Achemwali, funso lanuli landigunda pachilonda.

Ine tisheti yotere ndinaitola pa kaunjika ndili kusekondale. Inali yakuda, pachifuwa pali chilombo chamapiko, kukamwa kwake kukulendewera tinthu tambirimbiri topotanapotana. Azakhali atangoiona anati ndi zausatana, tsiku lotsatira ndinaipeza yasanduka chokolopera. Sindinadye nsima tsiku limenelo. Chomwe chimandiwawa mpaka pano n'chakuti chilombocho sichichokera ku chipembedzo chilichonse. Dzina lake ndi Cthulhu, anachipeka ndi mlembi H. P. Lovecraft wa ku Providence ku America, ndipo nkhani yake inatuluka mu magazini ya Weird Tales mu February 1928. Bambo wosauka uja anamwalira mu 1937 asakudziwa kuti chilombo chake chidzafika mpaka m'mabelo a kuno.

Weird Tales inayamba mu 1923 ku America, pa pepala lotchipa lomwe limachita chikasu likakhalitsa. Chikuto ndiye chinkagulitsa. Mayi wina wa ku Chicago, Margaret Brundage, anajambula zikuto 66 ndi choko cha pastel, akulandira madola 90 pa chimodzi. Wojambula wina, Virgil Finlay, ankapanga mthunzi podontheza timadontho ta inki kamodzikamodzi ndi cholembera, chithunzi chimodzi n'kumutengera masiku. Anthu amenewa ankakhetsa thukuta.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikaona munthu wakopera kachithunzi kosaoneka bwino pa intaneti, wakafufumitsa pa kompyuta, wamata pa tisheti, basi ati ndi luso. Si luso ayi, ndi ulesi. Timadontho ta Finlay timasanduka matope, nkhope n'kukhala ngati yapakidwa phala. Kuchapa kawiri zonse zasweka. Ndiponso zikuto zambiri za Brundage zili ndi akazi osavala omangidwa maunyolo. Ine zimenezo sindingavale, kaya zikhale zotchuka bwanji.

Nanga malamulo?

Ku America zomwe zinasindikizidwa chisanafike chaka cha 1930 tsopano zilibe mwini, koma za Brundage ndi Finlay zinabwera pambuyo pake, ndiye chilichonse muzichifufuza pachokha. Langizo langa ndi loti jambulani chanu, mutengereko kalembedwe ka zilembo zikuluzikulu za pa zikutozo ndi maonekedwe achikale. Mitundu isapitirire itatu: chikasu chofuwirira, chofiira, ndi kuda kwa nsaluyo. Sindikizani ndi sikirini, kansalu ka timabowo kodutsitsirapo inki, koma dziwani kuti mtundu uliwonse umafuna sikirini yake ndipo mtengo umakwera nayo. Yambani ndi matisheti ochepa, imodzi muichape kangapo musanagulitse ina iliyonse.