Funsani Aphunzitsi: Kodi kumpoto kwa America kunalibe akapolo?

Funso: Aphunzitsi, tilanditseni. Mlamu wanga amati ukapolo wa ku America unali wa kumwera kokha, m'minda ya thonje, ndipo a kumpoto monga ku New York anali anthu achifundo amene anamasula akapolo. Ine ndimakana koma umboni ndilibe, moti bawo imathera mkangano. Wolondola ndani? Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi, Thyolo.

Bambo, alamu anuwo akukumbukira nkhondo ya 1861 mpaka 1865, pamene kumpoto ndi kumwera anamenyanadi pa nkhani ya ukapolo. Apo sanalakwe. Koma adumpha zaka zoposa 200 za m'mbuyo mwake, kuyambira dzikolo likadali m'manja mwa atsamunda a ku Ulaya, ndipo nthawi ya atsamundayo chigawo chilichonse chinali ndi akapolo. Massachusetts, kumpoto kwenikweni, ndiye anayamba kuika ukapolo m'malamulo, mu 1641. Ku New York, ikadali New Amsterdam, kampani ya anthu a ku Holland inabweretsa akapolo oyamba cha mu 1626. Pofika 1711 mzindawu unali ndi msika wa anthu kumapeto kwa Wall Street, msewu womwewo umene lero umatchuka ndi ndalama, ndipo m'ma 1740 munthu mmodzi mwa asanu alionse mumzindamo anali kapolo.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kumpoto kumazizira, thonje ndi mpunga sizichita bwino, choncho minda ya akapolo mazanamazana inalibeko. Banja limakhala ndi kapolo mmodzi, awiri, mwina atatu. Ankaphika, kutunga madzi, kusula zitsulo, kutsitsa katundu padoko. Ena amati umenewu unali ukapolo wofewa. Ine ndimakana. Taganizani za mwana wantchito amene amagona m'khitchini mwa eni nyumba: sawerukako, pakati pa usiku amadzutsidwa, ndipo alibe wakwawo womudandaulira. Tsono uyu wa ku New York analibe malipiro, ankagona kudenga kapena m'chipinda cha pansi chonyowa, mkazi wake ali kwa mbuye wina, ndipo mwana akakula pang'ono ankatha kugulitsidwa chifukwa nyumba yachepa.

Ndalama zambiri zinali m'zombo. Amalonda a ku Newport ndi Bristol, m'kachigawo kakang'ono ka Rhode Island, ankatcheza mowa waukali wa nzimbe wotchedwa rum, kukagula nawo anthu kumadzulo kwa Africa, kukawagulitsa ku zilumba za Caribbean, n'kubwerako ndi zotsalira za shuga zoti atchezere mowa wina. Maulendo otere ochokera ku Rhode Island anakwana pafupifupi 1,000. Munthu ankatha kulemera ndi ukapolo asanagwirepo chikwapu.

Akapolowo sanangopinda manja. Usiku wina mu Epulo 1712, gulu la anthu oposa 20 linayatsa nyumba ku Maiden Lane, ku New York, n'kubisala ndi mfuti, nkhwangwa ndi mipeni. Azungu atathamangira kudzazima moto, 9 anaphedwa. Asilikali a bwanamkubwa Robert Hunter anawasaka mpaka kuwagwira. Anthu 6 anadzipha okha asanagwidwe, ndipo pafupifupi 21 anaphedwa poyera, ena mowatentha amoyo. Malamulo anakhwima: kapolo woyenda usiku ayenera kunyamula nyali, ndipo mbuye wofuna kumasula kapolo wake ayenera kuika chikole cha mapaundi 200, ndalama yoti ambiri angoleka. Pambuyo pake anafika poletsa akapolo oposa 12 kuperekeza maliro. Inu a ku Thyolo mukudziwa mmene mudzi wonse umakhamukira pamaliro, ndiye mumvetsa kuti lamulo limeneli linaluma pati.

Za 1741 ndimaziphunzitsa mosamala. Chaka chimenecho moto unabuka m'malo angapo, kuphatikizapo ku linga la Fort George. Kunali kutazizira koopsa, dziko lili pankhondo ndi Spain, aliyense ali ndi mantha. Mtsikana wantchito wa zaka 16, Mary Burton, atalonjezedwa mphotho, anayamba kutchula maina a anthu amene ankati anapangana chiwembu chowotcha mzindawo, ndipo aliyense wogwidwa ankatchula anzake kuti apulumuke. Anthu akuda 30 anaphedwa, 13 mwa iwo pamoto, azungu 4 ananyongedwa, ndipo ena oposa 70 anatumizidwa kunja. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati chiwembu chachikulu chinalipodi. Kwa ine, mlanduwu ukuonetsa kwambiri mantha a eni akapolo kusiyana ndi mapulani a akapolo.

Kukana kofala kwambiri kunali kuthawa. Nyuzipepala za ku Boston, Philadelphia ndi New York zinkadzaza ndi zidziwitso za othawa, zofotokoza zipsera ndi zovala zawo. Ena ankalowa ntchito m'zombo n'kusowera kunyanja. Venture Smith wa ku Connecticut anadula nkhuni ndi kusodza m'nthawi yake yopuma mpaka anadziwombola mu 1765, kenako anawombola mkazi wake ndi ana ake. Azungu otsutsa analiponso, monga kagulu ka ku Germantown, Pennsylvania, kamene kanalemba kalata yodzudzula ukapolo mu 1688, koma akuluakulu a mpingo wawo wa Quaker anangoisunga.

Pa za chifundo, awuzeni alamuwo kuti New York inamasula akapolo mwapang'onopang'ono, kuyambira 1799 mpaka 1827, kuti eni ake asaluze. Ndipo musawanyoze pabawopo, mabuku ambiri a sukulu amalumphanso nkhaniyi.

Funso: Agogo, kodi anthu a kuno ku Mulanje anatengedwa kupita kumeneko? Nanga alipo mzimayi amene analimbana ndi ukapolowo? Mtsikana wa Fomu 3, Chitakale.

Mdzukulu wanga, ambiri a kumeneko anachokera kumadzulo kwa Africa ndi ku Caribbean. Ogwidwa kuno ankatsikira kunyanja ya kum'mawa, ku Quelimane kapena Kilwa, n'chifukwa chake linga la Fort Lister linamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi Mchese, kuti litseke njira ya ogulitsa akapolo. Oyandikira kwathu amene anafika ku New York anali a ku Madagascar, m'ma 1690.

Mzimayi alipo, Elizabeth Freeman, amene ankatchedwa Bett, wa ku Sheffield, Massachusetts. Tsiku lina mkazi wa mbuye wake anafuna kumenya mtsikana wina ndi fosholo yotentha, Bett anatchinjiriza ndi mkono n'kuvulala kwambiri. Chilondacho sankachiphimba dala, kuti alendo azifunsa. Sankadziwa kuwerenga, koma anamva kuti malamulo atsopano a 1780 akuti anthu onse amabadwa afulu ndi ofanana, ndipo anapita kwa loya Theodore Sedgwick kukafunsa ngati mawuwo akumukhudza iyenso. Mu Ogasiti 1781 khoti linagamula kuti iye ndi mnzake Brom ndi afulu, n'kulamula kuti alipidwe mashiling'i 30. Kuchokera apo anagwira ntchito yolipidwa, anagula nyumba yakeyake, ndipo anamwalira mu 1829.