Jezi yanga ndinaivula ndekha kuseri kwa benchi ya tomato

Achimwene amene mwafunsa m'gulu lino ngati inu ndi mwana wanu muvale jezi za Bullets (Maule) popita ku mpira wakoyenda, mwanayo musamuveke. Inuyo valani ngati mwafuna, ndinu wamkulu, koma mwana wa zaka 9 kumuveka jezi yofiira pa mpira wakoyenda, ine ndakana. Makomenti onsewa ndawerenga, awa akuti "valani basi, Maule saopa munthu", ndipo ndikuona kuti ambiri olemba zimenezi mpira wakoyenda amaumvera pa wailesi ali pakhonde ku Ndirande. Ine ndili ndi chipsera kuseri kwa khutu lamanzere, anandisoka masititchi 6, mpaka lero kukazizira chimanyerenyetsa.

Timu yake sinditchula, boma lakenso ayi. A admin analetsa, komanso kumeneko kuli anthu amene sanandilakwire. Amene tinali limodzi akudziwa. Zinali Covid isanabwere. Tinasonkherana anthu a dera lathu n'kuchita hayala kosita, tinanyamuka pa Wenela kusanache, ng'oma ziwiri, mavuvuzela, mbendera pawindo paliponse. M'njira monse ana akuthamangira basi akukuwa kuti Maule, amayi m'matauni ang'onoang'ono akutibayibitsa. Chimene chimatipusitsa ndi chimenechi. Poti timu yathuyi, timu ya fuko, ili ndi masapota kulikonse, timaona ngati kulikonse ndi kwathu. Timaiwala kuti amene akukubayibitsa 10 koloko m'mawa si amene ukakumane naye 5 koloko madzulo atamwa kachasu tsiku lonse timu yake italuza.

Bwalo lake si ngati pa Kamuzu Stadium pomwe aliyense amadziwa mbali yake. Geti lolowera limodzi, lotulukira lomwelo, pakati pa ife ndi eni bwalo panali chingwe ndi achitetezo owerengeka. Mpira usanayambe n'komwe panali kale kukokana, ati wina wa ife wathira mankhwala pagolo. Nkhani za zizimba mukuzidziwa, munthu ukangodutsa pafupi ndi golo ndi botolo la madzi wakhala kale sing'anga. Pa hafu taimu mabotolo a mikodzo anayamba kuuluka. Tinaseka, tinabweza. Inde tinabweza, sindinama, ifenso mwano tinali nawo, tinawayimba kuti ndi alimi, mpira akausiyire a m'tauni. Kutatsala mphindi ziwiri kuti mpira uthe woyimbira analoza penate yathu. Kunena zoona penate ija ngakhale ine sindinaione bwino. Inalowa. Ndinavina mpaka chipewa chinagwa.

Apa ndi pomwe ndinapusa. Wezulo yomaliza italira ndinauza mnzanga amene ndinakhala naye mpando umodzi kuti ndikataye madzi kuseri kwa mpanda, ndibwera pompano. Jekete yanga yakuda, yomwe ndinatengera dala kuti ndidzaphimbe jezi potuluka, ndinali nditaisiya pampando m'basi chifukwa kunkatentha. Ndili kuseri kuja ndinamva galasi likusweka, kenako phokoso ngati njuchi, kenako kuphulika kwa utsi wokhetsa misozi. Ndinathamanga zipi ili yosatseka. Kufika pomwe tinaimika kosita ndinangopeza magalasi pansi, iyo ili uko ikukhota kulowa mumsewu waukulu, chitseko chili pululu, anthu akulendewera. Ndinaithamangira ndikukuwa dzina la mnzanga. Wina wa kumbuyo anandiona, ndikulumbira anandiona, maso athu anaphana. Basi sinaime.

Mudziwe kuti palibe chinthu chofiira ngati jezi ya Bullets ukakhala wekha. Pagulu suiona. Nditaima pamsewu paja ndinadziona ndekha ngati moto usiku. Ndinayesa kuyenda mwaulemu ngati munthu wongodutsa, manja nditapinda pachifuwa ngati angabise baji. Ndinamva mawu kumbuyo, "Uyo watsala uyo!" Duka loyamba linandiphonya n'kumenya chitseko cha okala. Lachiwiri ndi limene linandipeza kukhutuku. Sindinamve kupweteka, ndinangomva kutentha kukutsikira m'khosi, miyendo n'kukana, ndinagwera m'ngalande momwe munali madzi otsukira tchipisi. Anali anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena aang'ono moti ndikanawabereka. Mateche a m'nthiti, wina akundiponda dzanja, wina akundipisa m'thumba. Fungo la kachasu ndi thukuta. Mmodzi wovala mapatapata osiyana mitundu anagwira kolala n'kumakoka uku akunena kuti vula, vula galu iwe, tiiotche. Foni inapita, waleti inapita, nsapato anandivula imodzi, inayo zingwe zinawakanika. Mukudziwa chimene ndinkaganiza nthawi imeneyo? Osati mkazi wanga, osati ana. Ndinkaganiza kuti nsapato imodziyo akaigwiritsa ntchito yanji. Mutu wa munthu ndi wodabwitsa.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa tomato. Sanali wamkulu thupi, koma pakamwa. Anabwera ndi chimtengo chotchingira benchi yake akukalipa, n'kutchula mmodzi wa anyamata aja dzina lake ndi la mayi ake, ati iwe ndi amene umaimba kwaya Lamulungu, lero ukufuna kupha munthu pa bizinesi yanga? Mnyamata uja anazizira, anzake n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Mayi aja anandikokera kuseri kwa benchi, anamasula chitenje chapamwamba n'kundifunditsa, n'kunena motsitsa mawu kuti bambo, chotsani chofiiracho msanga, akubwera ena. Jezi imene anyamata asanu analephera kundivula ndinaivula ndekha, manja akunjenjemera, iwo n'kuikwirira pansi pa tomato mu dengu. Gulu lina linadutsadi likufunsa kuti wofiira uja walowera kuti. Anawauza kuti wathawira kumsika, ine ndili chigonere pamapazi pawo ngati thumba la makala. Wa kabaza amene ananditengera kuchipatala anali atavala jezi ya timu yomweyo imene masapota ake anandimenya. Sanandilipiritse. Njira yonse ankangodandaula za penate.

Tsono anyamata aja ndinawakhululukira kalekale, ndi mowa ndi umbuli. Amene sindinamukhululukire ndi amene anatsogolera ulendo uja. Munthu unatolera ndalama zathu, unalemba maina athu m'kope, ndiwe unauza dalaivala kuti tiyeni. Chabwino, miyala imagwa, ndikumvetsa, galimoto ndi ya eni. Koma kuima patsogolo pang'ono n'kuwerenga anthu kunakuvuta chiyani? Anthu anakuuza kuti mpando wina uli ndi jekete yokha, iwe ati akwera ina. Ina iti? Usiku womwewo unalemba pa gulu la WhatsApp kuti tafika bwino tonse, ulemu kwa Mulungu, ndi zithunzi za anthu akuvina pa Zalewa. Tonse! Mkazi wanga anawerenga uthengawo n'kuyamba kunditenthetsera madzi osamba. Anadikira mpaka m'mawa, foni yanga ikuyankhidwa ndi munthu wachilendo amene ankangoseka. Nditabwerako n'kukufunsa unandiyankha kuti munthu wamkulu amadzisamala yekha. Ngakhale panado sunandigulire. Uli m'gulu lino, ndikudziwa ukuwerenga, ndipo ndaona wakomenta pamwambapo kuti tivale tonse tisaope. Ndakusungira ulemu posakutchula.

Ndipo tisamanamizane kuti izi ndi nkhani zongoopsezana. December 2013 pa Balaka Stadium, masewero a Manoma (Mighty Wanderers) ndi Silver Strikers sanathe n'komwe, kunabuka chipwirikiti ndipo sapota mmodzi anamwalira. Munthu anatsanzika kunyumba kuti akukaonera mpira. Matimu amalipitsidwa chindapusa, bwalo amatha kulitseka kwa kanthawi, timakangana sabata imodzi pa wailesi, kenako ligi imapitirira. Chindapusacho sichifika kwa wamasiye, ndipo foni yanga sichinandibwezere.

Za mwanayo ndikukakamira chifukwa china. Pa 6 July 2017 ku Bingu National Stadium, tsiku la ufulu, kunali Bullets ndi Silver, kulowa kwaulere. Mageti anachedwa kutsegulidwa, anthu anakankhana, ndipo anthu 8 anafa, ambiri mwa iwo ana. Pamenepo panalibe za jezi, panalibe sapota wa timu ina amene anamenya munthu, ndi chikhamu chabe. Mpira unaseweredwabe madzulo ake. Chikhamu chikayamba kuthamanga mwana wa zaka 9 amafika m'chiuno mwa anthu, sapuma, ndipo dzanja lake limapulumuka m'dzanja lanu ngakhale mutagwira bwanji. Onjezani utsi wokhetsa misozi, onjezani kuti wavala mtundu umene anthu olusa akuusaka. Mlamu wanga wa ku Joni amandiuza kuti kumeneko a Kaizer Chiefs ndi a Orlando Pirates amakhala mosakanikirana pa FNB Stadium, aliyense ndi makaka ake, mwamuna wa Chiefs mkazi wa Pirates mpando woyandikana. Zoona, koma komwekonso anthu 43 anafa pa Ellis Park mu 2001 chifukwa cha kupanikizana pa masewero a matimu omwewo. Ndiye mwana ndi chikhamu ndi nkhani ina, jezi ndi nkhani inanso, inu mukufuna kuziphatikiza tsiku limodzi.

Ngati mwatsimikiza kupita, jezi ikhale m'chikwama kapena mkati mwa malaya ena, muivale mutakhala kale pakati pa anzanu, muivule musanatuluke geti. M'bwalo simuchitika zambiri, pali maso. Zoopsa zili pakati pa geti ndi siteji, m'tinjira ta kumsika, pamalo omwera mowa pomwe eni dera akhala kuyambira m'mawa. Jekete muimange m'chiuno, musaisiye m'galimoto ngati chitsiru china chimene chikulemba pano. Mabwalo amasiyana. Pa Bingu mageti ndi ambiri ndipo ku Lilongwe ofiira ndi ochuluka moti sungasowe gulu loyenda nalo, koma timabwalo ta geti limodzi ta m'maboma, komwe timu ya kwawo ndi ya ana awo enieni, kumafuna ulemu. Mukapambana sangalalani pang'ono, zovina mukavinire pa Zalewa. Galimoto iimikidwe patali ndi geti itayang'ana kumsewu, mbendera muchotse mpira usanathe, ndipo wina akhale ndi kope awerenge mitu isananyamuke. Nthawi ya kampeni muwonjezere nzeru, chifukwa chofiira kapena chabuluu ena amachiwerenga ngati makaka a chipani, umenyedwa pa mlandu umene suukudziwa. Ndalama ya thiransipoti ikani mu sokosi, ngakhale ine nsapato anandivula, ndiye kaya.

Ena akuuzani kuti muzituluka kutatsala mphindi khumi. Ndi malangizo abwino, ndipo inenso ndikukuuzani zomwezo, tulukani. Koma ine sindinachitepo ndipo sindidzachita, penate ija ikanandipita. Komanso musakhulupirire munthu aliyense wa kumeneko mpira ukatha, aliyense ndi mdani mpaka mutadutsa malire a boma lawo. Chabwino, kupatula amayi a tomato. Ndi a kabaza.

Patatha miyezi iwiri ndinabwererako pa minibasi, nditavala shati yoyera ngati wa Mboni, nditanyamula shuga mapaketi awiri ndi chitenje chatsopano, poti chija chinali ndi magazi. Mayi aja anandizindikira chipsera. Jezi anali ataichapa n'kuisita, kolala yong'ambika ija atasoka ndi ulusi wakuda. Anati anaibisa pansi pa matiresi kuopa amuna awo. Ndinawauza kuti aisunge, ndipo anati mwana wawo wamwamuna aziivala kumunda, kumene kulibe omuona.

Loweruka lino ndikupita nawo, ndipo ndivala yatsopanoyi kuchokera pakhomo panga mpaka kubwerera, chifukwa ndinagula ndi ndalama zanga ndipo palibe mwana wa munthu amene adzandivulenso. Inu achimwene musatengere ine. Mwanayo mumuveke malaya wamba, mumulembere nambala yanu pakapepala muike m'thumba mwake, kapena mumusiye kwa amayi ake mudzamutengere pa Kamuzu Stadium tsiku lomwe tikusewera ndi timu yaing'ono. Mukakwera kosita yathu mundipeza mpando wapakhomo, kope la maina ndigwira ine.