Kodi kamwala ka mu wotchi kangamve mafunde a mlengalenga?

Funso: Ndamva kuti asayansi akusaka mafunde a mphamvu yokoka pogwiritsa ntchito quartz, kamwala komwe kaja ka m'mawotchi. Zoona zimenezi? Nanga makina akuluakulu a LIGO aja sakukwanira?

Yankho: Mwamva zoona. Albert Einstein ananena mu 1916 kuti zinthu zolemera kwambiri zikamazungulirana kapena kuwombana, mtunda weniweniwo umatamuka ndi kufinyika, ndipo kugwedezekako kumayenda ngati mafunde. LIGO, makina a ku America omvetsera mafundewa, inawagwira koyamba pa 14 Seputembala 2015. Makinawo ali ndi mikono ya makilomita 4, momwe kuwala kwa laser kumapita ndi kubwerera pakati pa magalasi. Koma ali ngati wailesi yogwira FM yokha: amamva kuyambira cha pa 10 hertz (kugunda ka 10 pa sekondi) mpaka masauzande ochepa basi. Kuwala kumatha ma microsecond pafupifupi 27 (microsecond ndi gawo limodzi mwa magawo 1 miliyoni a sekondi) kuti kupite ndi kubwerera, pamene funde logunda ka 1 miliyoni pa sekondi limakhala litatembenuka kale ka 27 m'kanthawi komweko. Kutamuka ndi kufinyika kumangofafanizana. Ndiye kutalika kwa mikono, kumene kumathandiza pa mafunde odekha, apa sikupindula.

Quartz ndi ina. Mukaifinya imatulutsa timagetsi, ndipo imagunda pa liwiro lake losasintha. Ya mu wotchi imagunda ka 32,768 pa sekondi. Ku University of Western Australia, mumzinda wa Perth, Maxim Goryachev ndi Michael Tobar anatenga kambale ka quartz kokwana m'dzanja, kogunda mamiliyoni pa sekondi, n'kukatsekera mopanda mpweya ndi kukaziziritsa mpaka cha pa -269°C. Funde lofulumira likadutsa liyenera kukanjenjemeretsa kuti katulutse timagetsi. Kuziziritsako n'kofunika chifukwa kutentha pakokha kumanjenjemeretsa chinthu chilichonse. Timagetsi take amatikuza ndi kachipangizo kotchedwa SQUID.

Pa masiku 153 amene anamvetsera, kambaleko kanadzidzimuka kawiri, mu Meyi ndi mu Novembala 2019. Chimene ndimawalemekezera ndi choti polengeza mu 2021 sanathamangire kunena kuti apeza mafunde. Anati mwina ndi kamwalako kamasuka mkati, mwina ndi tinthu tochokera kuthambo tagunda makinawo. Aliyense wokonza zipangizo amadziwa kuti mita ikalumpha kamodzi sugamula msanga, umayamba wayeza ndi mita ina. Joseph Weber analengeza mu 1969 kuti migolo yake ya aluminiyamu yagwira mafunde, koma ena atapanga yawo sanamve kanthu. N'chifukwa chake makina atsopano a ku Perth, otchedwa MAGE, ali ndi timiyala tiwiri: funde lenileni liyenera kuoneka ponse pawiri nthawi imodzi.

Funso: Pali njira zina kupatula quartz?

Yankho: Zilipo. Ku Fermilab, ku America, anamanga Holometer, ya laser ngati LIGO koma mikono yake ndi ya mamita pafupifupi 40, ndipo inamvetsera mafunde a mamiliyoni pa sekondi. Ku Northwestern University akuyesa kuyandamitsa kanthu kakang'ono m'kuwala kwa laser kuti aone ngati kasuntha.

Imene imandikoka mtima ine ndi ya maginito. Mikhail Gertsenshtein anasonyeza mu 1962 kuti mkati mwa maginito amphamvu kuwala kungasanduke funde la mphamvu yokoka. Zimathekanso mobwerera: funde likadutsa m'maginito limasiya kadontho ka kuwala kapena ka mafunde a wailesi. Makina osakira axion, kanthu kakang'onong'ono kamene asayansi amaganiza kuti kaliko koma sikanapezeke, monga ALPS ku Hamburg ku Germany ndi CAST ku CERN, malo ofufuzira a ku Ulaya, anali kale ndi maginito otere, ndiye akatswiri anangobwerera ku zimene makinawo analemba kale n'kuziwerenganso ndi funso latsopano.

Funso: Nanga mafunde ofulumira choncho angachokere kuti?

Yankho: Apa ndiye pagona nkhani. Black hole, chinthu chakuthambo chokoka mwamphamvu moti ngakhale kuwala sikungatulukemo, ikakhala yolemera, mafunde ake amakhala odekha, ikapepuka, amafulumira. Kupitirira ka 10,000 pa sekondi palibe nyenyezi kapena black hole yodziwika imene ingawatulutse. Akadzamveka ndiye kuti achokera ku chinthu chimene sitinachionepo, kaya tima black hole topepuka kuposa dzuwa, kaya chipwirikiti cha pachiyambi penipeni pa chilengedwe. Mpaka pano palibe amene wawagwira, ndipo makina onsewa akadali kutali kwambiri ndi kumva kofunikako.

Funso: Ndingayesere kunyumba ndi quartz ya mu wotchi yakale?

Yankho: Mafundewo simuwagwira, kutentha kwa m'chipinda kokha kumakwirira zonse. Koma ngati muli ndi oscilloscope, mita yoonetsa kugunda kwa magetsi ngati mzere, yezani kamwalako kali mu wotchi yoyenda, kenako kagwireni ndi chala kapena sendezani foni pafupi, muone mmene mzere ukusokonekera. Phokoso lotere ndi limene anthu a ku Perth akulimbana nalo.