Kuwedza bass dzuwa lili paliwombo

Achimwene ena ogwira ntchito ku Pietermaritzburg, ku South Africa, andilembera pa imelo za kuwedza nsomba yotchedwa bass. Tsiku lawo lopuma ndi Lamlungu lokha, ndipo akaweruka ku tchalitchi amafika ku Albert Falls Dam cha m'ma 11 koloko. Funso lawo ndi ili: "Anzanga akuti masana a Januwale bass sadya. Ndingosiya, kapena njira ilipo?"

Achimwene, musasiye. Anzanuwo sakunama kwenikweni, chifukwa mbandakucha ndi madzulo ndiye nthawi yomwe bass amayendayenda kusaka. Koma masana sasala kudya. Amangosiya kuthamangitsa chakudya. Ali ngati bambo amene wakhala pansi pa mtengo wa mango mu Okutobala: simungamutume kumsika, koma mukamuikira mbale pamwendo sakana. Ntchito yanu ndi kupeza mtengowo.

Nsomba imeneyi kwawo ndi ku North America, ku South Africa inafika mu 1928. Imasaka mobisalira, ndipo dzuwa likawala kwambiri tinsomba timaiona patali, nayonso imaonekera kwa mbalame. Choncho imalowa pamthunzi: pansi pa namasupuni, m'mphepete mwa bango, m'nthambi za mitengo yomira, pansi pa timilatho tokocheza maboti. Masana mthunzi umachepa, ndiye nsomba zimaunjikana pamalo ochepa. Kwa msodzi woyenda pansi umenewu ndi mwayi, chifukwa malo osafunika kutayirapo nthawi amadziwika okha.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Amaponya nyambo pafupi ndi udzu, mita imodzi kunja, poopa kukodwa. Masana mita imodziyo ndi kutali. Nyambo igwere mumthunzi mwenimwenimo, m'kabowo ka pakati pa masamba kapena pamphanda pa nthambi. Kuti izi zitheke gwiritsani nyongolotsi ya pulasitiki yomangidwa mwa njira yomwe m'masitolo amati Texas rig: kachitsulo kosongoka kutsogolo, ndipo nsonga ya mbedza imabisidwa m'thupi la nyongolotsiyo kuti idutse m'zinyalala osakola. Ikafika pansi isiyeni. Werengani mpaka 10, kwezani ndodo pang'ono, isiyeninso. Nthawi zambiri bass amaigwira ikamatsika, ndipo simumva kukoka kwamphamvu ayi. Mumangoona chingwe chikugwedezeka kapena kuyamba kuyenda cham'mbali. Pamenepo kokani mwamphamvu ndithu, chifukwa mbedza iyenera kuboola pulasitiki kaye isanalowe m'kamwa mwa nsomba. Chingwe chikhale cholimba, cholukidwa chija, poti bass akamva mbedza amathawira m'mizu.

Pomwe masamba aphimbiratu madzi yesani chule wa pulasitiki woyandama. Nsomba ikamuphulikira musakoke nthawi yomweyo, dikirani mumve kulemera. N'zovuta, dzanja limathamanga lokha.

Tsono nkhani ya madzi akuya, yomwe mudzaimva kwa aliyense wa boti. N'zoona kuti bass ena amatsika, koma sapita pansi penipeni. M'chilimwe madzi a m'damu lakuya amagawikana: pamwamba ofunda, pansi ozizira, ndipo awiriwa sasakanikirana. A pansiwo mpweya umatha chifukwa cha zinthu zowola, ndipo palibe mphepo yowabwezera wina. Nsomba zimaima chapamwamba pa malirewo, makamaka pomwe pali miyala kapena pomwe mtunda umatsetsereka mwadzidzidzi. Amaboti amaona malirewo pa makina awo ofufuzira nsomba pansi pa madzi. Inu mulibe makina, choncho kuponya kutali pakati pa damu n'kungotopetsa mkono. Koma ngati pali kamtunda kolowa m'madzi, imani kunsonga kwake, ponyani kozama, muzikoka nyambo pang'onopang'ono ikukhudza pansi.

Ine ndikadakhala inu ndikadakhalabe ku udzu. Udzu wobiriwira wa m'madzi umatulutsa mpweya dzuwa likamawala, moti masana ndi pomwe mpweya umachuluka pamenepo. Tinsomba ta kurper, amene ndi abale a chambo ndi makumba athu, timabisala momwemo, ndipo bass sakhala patali ndi chakudya chake. Udzu wofiirira womwe wayamba kuwola udutseni. Kukayamba kamphepo pitani mbali yomwe mafunde akumenya, chifukwa madzi ovunduka pang'ono amachepetsa kuwala ndipo nsomba zimalimba mtima.

Muziyenda mofatsa m'mphepete, ndipo chithunzithunzi chanu chisagwere pamadzi omwe mukufuna kuponyapo.

Ngati nsomba mukuibwezera m'madzi, chitani msanga, chifukwa madzi otentha saithandiza kuchira ikatopa. Ngati ndi ndiwo, itumbuleni muiike pa ayezi, apo ayi pofika kunyumba idzakhala itasasa. Funsani pageti malamulo a pamalopo, ndipo musanyamule bass wamoyo kukaponya m'damu lina kapena mumtsinje. Malamulo a South Africa amaletsa, chifukwa nsombayi imamaliza tinsomba ta komweko.

Chipewa ndi madzi akumwa sindikuuzani, ndinu akuluakulu. Koma mvula ya masana ya ku KwaZulu-Natal imabwera ndi ziphaliwali, ndipo ndodo za carbon zimadutsa magetsi. Bingu likangomveka, ngakhale nsomba zitayamba kudya, pindani ndodo mukalowe m'galimoto kapena m'nyumba.