Kodi mtsikana akafulumira kutha msinkhu amasiya kutalika?

Mayi wina wandilembera imelo yokhudza mwana wake wamkazi wa zaka 9 ndi miyezi 4. Akuti mawere ayamba kumera, nsapato zathina, diresi la yunifolomu lomwe anasoketsa potsegulira sukulu lafika kale pamwamba pa mawondo, ndipo agogo ake a mwanayo akunena kuti mtsikana akafulumira kukula amathera pomwepo. Akufunsa ngati zimenezi ndi zoona komanso ngati ndi bwino kupita naye kuchipatala.

Mayi, mawu a agogowo ali ndi mbali yoona, koma pa zimene mwafotokozazi sindikuona chifukwa chogonera ndi nkhawa.

Zambiri zimene madokotala amatsatira pa nkhaniyi zinachokera kwa James Tanner ndi William Marshall, omwe mu 1969 anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa atsikana 192 a kumalo osungirako ana ku Harpenden, m'dziko la England. Atsikanawo ankawayeza miyezi itatu iliyonse, ndipo zinaoneka kuti thupi limatsata ndondomeko yake: mawere ankayamba kumera pa zaka pafupifupi 11, liwiro la kutalika linkafika pachimake pa zaka 12, ndipo msambo woyamba unkabwera pa zaka 13 ndi theka. Chimene chikukhudza inu apa ndi chakuti mtsikana amatalika mofulumira kwambiri asanayambe kusamba, mwina masentimita 8 pa chaka, ndipo mapazi ndi amene amatsogola, n'chifukwa chake nsapato zayamba kuthina. Kuchokera pamene mawere ayamba kumera kufika pa msambo woyamba pamadutsa zaka ziwiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo akayamba kusamba amawonjezerabe masentimita 5 mpaka 7 asanaimiretu.

Zaka zimene Tanner anapezazo zinasuntha. Mu 1997, Marcia Herman-Giddens anasindikiza kafukufuku wa atsikana oposa 17,000 ku United States, amene anasonyeza kuti atsikana akuda ankayamba kumera mawere atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 9, pomwe achizungu ankayamba pa zaka pafupifupi 10. Ena anatsutsa ponena kuti oyezawo ankangoyang'ana ndi maso, choncho mafuta a pachifuwa cha mwana wonenepa akanatha kuwasokoneza. Koma ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, komwe madokotala ankachita kukhudza kuti atsimikize, anapezanso kuti m'zaka 15 zokha chiyambi cha mawere chinatsika kuchoka pa zaka pafupifupi 11 kufika pa 10, ngakhale kuti zaka zoyambira kusamba zinangosintha pang'ono. Ine ndimaona kuti mfundo yomalizayi makolo ambiri saimva: kuyamba msanga sikutanthauza kuti zonse zitha msanga. Mwa zifukwa zimene ofufuza amatchula, chodziwika bwino ndi kunenepa, chifukwa mafuta a m'thupi amatulutsa homoni (mankhwala achilengedwe otumiza uthenga m'thupi) yotchedwa leptin, imene imathandiza kudziwitsa ubongo kuti thupi lili ndi mphamvu zokwanira kuyamba ulendowu.

Nanga agogo akulondola pati? Homoni ya estrogen imagwira ntchito ziwiri. Poyamba imafulumizitsa kutalika, kenako imatseka mbali zofewa za kumapeto kwa mafupa aatali, kumene fupa limakulira, ndipo zikatsekeka kutalika kwatha. Mwana amene wayamba kutha msinkhu pa zaka 6 amaposa anzake onse m'kalasi, koma mafupa ake amatsekeka msanga, moti anzake aja amadzamupitirira. Kwa woyamba pa zaka 9 kusiyana kwake kumakhala kochepa, ndipo chimene chimalamula kwambiri ndi msinkhu wa makolo ake ndi chakudya chimene wakhala akudya kuyambira ali wakhanda. Kuno kwathu chimene chimalanda ana ambiri msinkhu ndi kupinimbira, komwe kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anakupeza mwa ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu.

Madokotala amayamba kufufuza ngati mawere amera mtsikana asanakwanitse zaka 8, ngati msambo wabwera asanakwanitse zaka 9, ngati zinthu zikuthamanga kwambiri m'miyezi yochepa, kapena ngati mwanayo akudandaula mutu pafupipafupi ndi kusaona bwino. Kawirikawiri amajambula ekisire ya dzanja lamanzere kuti aone zaka za mafupa, amayeza mahomoni m'magazi, ndipo pakafunika pali jakisoni woimitsa kutha msinkhu kwa kanthawi. Kuchedwa nakonso kumafufuzidwa: mawere akapanda kumera pofika zaka 13, kapena msambo ukapanda kubwera pofika zaka 15.

Mwana wanu sali m'magulu amenewa. Muimiritseni pakhoma wopanda nsapato, ikani buku pamutu pake, chongani ndi pensulo n'kulemba tsiku, ndipo bwerezani pakapita miyezi itatu iliyonse. Manambalawo muwalembe m'buku lake la kuchipatala, kuti tsiku limene mudzafune kuonana ndi dokotala mudzakhale ndi chomusonyeza. Za msambo mufotokozereni chaka chino, inuyo kapena azakhali ake, chifukwa ukhoza kumupeza ali m'kalasi asanakwanitse zaka 12. Ndipo diresi lotsatiralo muuze atelala asiye mpendero waukulu.