Kodi nyongolotsi za likodzo zimanenepa ndi nzimbe?

Sabata yathayi ndalandira imelo ya mayi wina wa ku Dwangwa. Akuti mwana wawo wa zaka 9 anayamba kukodza magazi, kuchipatala anamupeza ndi likodzo, ndiye achimwene awo omwe sachoka pa intaneti anawauza kuti nyongolotsi zimenezi zili ndi shuga pathupi, apongozi kungomva choncho basi nzimbe ndi tiyi wa shuga zaletsedwa pakhomo. Akufunsa kuti kodi shugayu ndi amene akuzidyetsa?

Mayi, musiyeni mwana atafune nzimbe zake. Zoona nyongolotsizi zimayamwa glucose, shuga yemwe thupi limapanga kuchokera ku chakudya, wa m'magazi kudzera pakhungu lawo, koma glucose m'magazi sasowa, olo munthu adye nsima ya kondowole yokhayokha. Achimwene anuwo sananame ayi, kungoti shuga anawerengayo si wa mu tiyi.

Pa mapuloteni a nyongolotsi pamakhala timaunyolo ta shuga wa mitundu ina monga fucose ndi galactose, tolumikizana ngati mikanda, asayansi amati ma glycan. Ifenso tili nato, za gulu la magazi A, B ndi O zija ndi nkhani ya mikanda yomweyi pa maselo ofiira. Asilikali a m'thupi amayang'ana mikandayi ngati mlonda wapageti amene amangoona yunifolomu n'kutsegula. Pali mkanda wina dzina lake Lewis X, umapezeka pa nyongolotsi komanso pa maselo athu oyera ena, ndipo ngati izo sizikukwana nyongolotsi imatolanso zizindikiro za gulu la magazi a mwini thupi n'kuzimata pakhungu lake. Ukathyali weniweni. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe yamphongo ndi yaikazi zimakhalira phee zaka zingapo m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo, yamphongo itafungatira yaikazi, popanda wozithamangitsa.

Koma mazira ndiye nkhani ina, ndipo apa ndi pomwe pamandisangalatsa ine. Dzira silifuna kubisala, likufuna lituluke ndi mkodzo likaswe m'madzi kuti kachilombo kakapeze nkhono, koma miyendo lilibe, ndiye limachita dala kuputa thupi. Limatulutsa mapuloteni ovala shuga. Odziwika kwambiri ndi omega-1 wa mazira a Schistosoma mansoni, mtundu wa likodzo la m'matumbo, shuga wakeyo ali ngati kiyi wolowera m'maselo aulonda otchedwa dendritic, akalowa amasintha uthenga womwe maselowo amapereka, thupi n'kuyamba nkhondo ya mtundu wa Th2, yomwe thupi limamenya polimbana ndi nyongolotsi, maselo oyera otchedwa ma eosinophil ndi mapuloteni achitetezo otchedwa IgE kuchuluka. Asilikali amaunjikana pa dzira lija mpaka kupanga kachotupa, ndipo kutupa komweko kumathandiza dzira kudutsa khoma. Kwa mwana wanu, amene mtundu wake ndi Schistosoma haematobium, khomalo ndi la chikhodzodzo, magazi mumawaona kumapeto kwa mkodzo aja amachokera pamenepo. Mazira ambiri sakwanitsa kutuluka, amakodwa momwemo n'kusiya zipsera, ndiye mwamva kuti chovulaza kwenikweni ndi mazira osati nyongolotsi.

Shuga yemweyu amazigwiritsanso. Nyongolotsizi zilibe kotulutsira chimbudzi, eti, zimangosanza m'magazi, ndipo m'masanzimo muli chinthu chodzaza mikanda ya Lewis X chotchedwa CCA chomwe chimafika mpaka mu mkodzo. Pali kachipangizo kokhala ngati koyezera mimba komwe kamachigwira. Kamachita bwino pa likodzo la m'matumbo koma pa la m'chikhodzodzo kamaphonya kwambiri, n'chifukwa chake wa labu amadalirabe maikulosikopu kufufuza dzira la kaminga kumapeto, ndipo mkodzo wabwino ndi wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana.

Mankhwala ndi praziquantel, amapereka molingana ndi kulemera kapena kutalika kwa mwana. Amapha nyongolotsi zazikulu koma zazing'ono zimatha kupulumuka, komanso akabwerera kukasambira m'ngalande kapena m'mabango kunyanja angathe kutenganso, ndiye magazi akapitirira mubwerere naye kuchipatala. Apongozi muwauze mwaulemu kuti tsiku lomwa mankhwalalo mwana ayambe wadya phala kapena nsima, chifukwa akamwa ndi njala amachita nseru ndi chizungulire, ndipo phalalo athiremo shuga ndithu.